A Mwale ndi Mphaka wa mu Filimu

Bambo aakulu a Mwale anamwalira Lachiwiri la sabata yatha ku Nathenje, m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo komwe ankasungidwa ndi mwana wa mlongo wawo. Uthenga unandipeza pa foni ndili pabwalo kupeta mtedza. Ndisanalire, ndisanauze ngakhale munthu mmodzi, pali chinthu chimene ndinathamangira kukaona. Ndichinena ndikatha kufotokoza za iwo, chifukwa munthu amene sanawadziwe sangamve kukula kwa manyazi anga.

Anali amuna a mayi anga aakulu, malemu a Nabanda. Anabwera m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Mitundu, ngati mkamwini, ndipo anakhala zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anadzala mango, anaika nawo maliro a abale athu ambirimbiri. Chimene ankafuna chinali chimodzi, ndipo ankachinena poyera: kufera muno ndi kudzagona pafupi ndi akazi awo. Ife tinawachotsa. Tinawachotsa mwaulemu, ndi mawu otsekemera, popanda wokalipa, ndipo gwero la zonsezo linali mphaka wa mu filimu.

Wokayika ngati a Mwale sindinamuonepo. Thumba la feteleza ankalipisa mkono mpaka m'chigongono kufuna mchenga. Wogulitsa nyama pamsika akawayezera, iwo ankakayezetsanso pa sikelo ya wogulitsa nyemba. Wailesi ikalengeza kuti kugwa mvula, ankauza akazi awo kuti ayanike mphale. Ukawapatsa moni mano onse ali pamtunda, ankakuyankha maso ali kukhola, kuona ngati mbuzi zonse zilimo. Ankati nzeru imeneyi anaitola ku esiteti ya fodya komwe anasunga makiyi a sitolo ya chimanga cha matenanti, ndipo kumeneko anaphunzira kuti munthu akamabwera akumwetulira pakhomo la nkhokwe, thumba lili kumsana. Ngakhale tiyi wa akazi awo ankayamba amununkhiza, ndipo a Nabanda ankangoti, "Nunkhizani a Mwale, mankhwala ndinathira dzulo."

Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachikhulupirira ndi mtima wonse, mphaka. Ankati mphaka sanyengerera munthu. Akakhuta amakusiya, njala ikamupweteka amabwera, ndipo sakulonjeza kanthu. Ku esiteti kuja amphaka ndi amene anawapulumutsira ntchito, chaka china pomwe makoswe ankaboola matumba, abwana nkumaloza chala wosunga makiyi.

Atapuma ntchito anayamba kubwereketsa amphaka. Kwina anthu amabwerekana ngolo kapena makasu, ife kuno tinkabwereka mphaka. Chimanga chikangolowa m'nyumba unkapita kwa a Mwale, iwo nkukupatsa mmodzi m'dengu lovundikira ndi chitenje. Sankalipiritsa, koma malamulo anali ochuluka kuposa a kuchipatala. Masiku atatu oyamba mphaka asatuluke panja. Uzimupatsa mitu ya usipa, koma asakhute. Ana asamukoke mchira. Lamulo lalikulu linali lakuti m'nyumba mosunga mphaka wawo musapezeke mankhwala a makoswe, chifukwa mphaka akadya khoswe wa poizoni amamutsatira. Ankatulukira osalengeza nkumanunkhiza m'makona mwa nyumba ya eni ake. Tinkang'ung'udza, koma chimanga chathu chinkafika nthawi ya njala matumba ali osabooka.

Lamulo limeneli linawadanitsapo ndi alamu awo, amalume anga a Kaliyati, omwe ndi mwini mbumba wathu. Tsiku lina anapeza kapepala ka poizoni kuseri kwa mtsuko m'nyumba ya amalume. Sanawaitanire pambali monga achitira akulu. Anatuluka nako kapepalako pa nsonga ya ndodo, alendo a kumpingo ali pamphasa, nkutenga mphaka wawo kumapita. Amalume anaseka nawo alendowo, koma ife amene timawadziwa tinaona kuti nkhaniyo aisunga.

Amphaka onsewo anali a mbumba imodzi, zidzukulu za mphaka wamkazi amene a Nabanda anali naye ali mtsikana. Mayina ankatcha ndi a Mwale: Usandiyese, Bweza, Ndakuona. Ndakuona ndiye anali katswiri, wamkazi, wakuda bii, wosakonda kugwiridwa.

Nkhondo yawo ndi amphaka a pa kanema inayamba Madalitso, bambo wa geni zambiri, atatsegula nyumba ya vidiyo pa Mitundu, shedi ya malata yokhala ndi mabenchi. Loweruka m'mawa ankaonetsa ana makatuni. Tsiku lina a Mwale akudikira njinga yawo kwa wokonza, anasuzumira pachibowo. Anaona mphaka akuthamangitsa kakhoswe, nkuwombedwa ndi chitseko, nkumenyedwa ndi chiwaya kumaso, nkupsa mchira, kakhoswe kali chiseke. Anafika kumudzi akuyankhula okha.

"Esinati," anandifunsa, "chibadwire chako unaonapo khoswe akumenya mphaka?"

"Ndi zoseketsa ana chabe, bambo."

"Zoseketsa ana? Munthu angakhale pansi mwezi wathunthu kujambula bodza kuti mwana wa ku Mitundu aseke? Amulipira ndani? Tapita ukaone amene amakhala pakhomo pa vidiyo paja."

Ndinapitadi tsiku la msika, ndipo pafupi ndi khomo panali bambo wa chimkuzamawu akufuula za mankhwala a makoswe. Kwa a Mwale mlandu unathera pomwepo. Ankati ojambula makatuni amadyera limodzi ndi opanga poizoni, kuti mwana akule akuyesa mphaka chitsiru, akadzakhala ndi nyumba yake adzagule mankhwala. Bambo wa chimkuzamawu uja ankakhala pamenepo chifukwa cha mthunzi, koma ndani akanawauza?

Sanalekere pomwepo. Anakakangana ndi aphunzitsi a sitandade 2 chifukwa cha chithunzi cha m'buku la ana, cha mphaka wonenepa womanga kansalu m'khosi akumwa mkaka m'mbale. Ankati buku limeneli likuphunzitsa ulesi, mphaka wotere angagone khoswe akumudutsa pamphuno. Mafoni atachuluka ndiye zinaipiraipira. Ana ankawabweretsera timavidiyo ta amphaka ovala masuti, ophika mpunga, olira misozi kuchipatala. Iwo ankalandira foniyo, kuiyandikitsa kumaso, nkuyamba kuwerenga zala. Ankaibweza akuti uyu ali ndi zala zisanu ndi ziwiri, sanabadwe kwa mayi aliyense. Mikango ya m'mafilimu a nyama zakutchire ankati amayamba aimana chakudya kuti ithamange bwino pa kamera. Tinkaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo nthawi imeneyo palibe amene ankawaopa.

Zinthu zinayamba kusintha a Nabanda atamwalira. Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamwamuna, nayenso ali pa chikamwini chake ku Diamphwe. Amalume poyamba anati alamu akhale, palibe wowathamangitsa. Koma nkhalamba yokhala yokha ndi amphaka asanu ndi awiri, yocheza nawo pakhonde, anthu amaiyang'ana kawiri. Komanso munda wa a Nabanda unali m'mbali mwa dambo, wosauma msanga, ndipo maso ambiri ankausirira.

Ndiye kunabwera filimu ija. Inali yakunja, yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni, ndipo Madalitso anaionetsa masabata atatu chifukwa anthu ankadzaza mpaka ena kukhala pansi. Munali nkhalamba yofedwa mkazi imene inkalowa m'bulangete nkutulukamo ili mphaka wakuda. Mphakayo ankakakhala pachifuwa pa mwana wa oyandikana nawo, mwana nkuyamba kubanika. Kumapeto nkhalambayo inadwala, ndipo itangotsirizika, mphaka uja anagwa chagada nkufa nthawi yomweyo. Ine ndinaonera kawiri.

Chaka chimenecho Ndakuona anali kwanga. Mwana wanga wotsiriza, Tadala, anadwala chifuwa, akupuma movutikira, ndipo masana ena ndinalowa m'nyumba nkupeza mphaka atagona pambali pake pamphasa. Kuchipatala anati ndi chibayo, anamubaya jekeseni, mwana anachira. Ndinamva bwinobwino zimene adokotala ananena ndipo ndinavomera. Koma titangobwerako ndinamuika Ndakuona m'dengu nkukamubweza, chimanga chikadali chodzaza m'matumba.

"Walakwa chiyani?" anafunsa a Mwale.

"Palibe, bambo. Makoswe anatha."

"Mu Julaye?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavundukula chitenje, mphaka nkudumphira pamiyendo pawo. Pasanathe sabata madengu ena onse asanu ndi limodzi anali atafika pakhonde lawo, aliyense ndi chifukwa chake. Ndinayambitsa ndine, ndipo sindibisa.

Munthu wina akanapita kukadandaula kwa abusa. A Mwale anapita kukalifuna bodzalo komwe linachokera. Anaonera filimu ija katatu, pabenchi la kutsogolo, chipewa pabondo, osaseka, osadzidzimuka. Anthu ankasiya malo mbali zonse ziwiri. Ulendo wachinayi linali tsiku la msika masana, shedi itadzaza, ine ndi amalume tili momwemo chifukwa anatiitana okha kuti tikaone chinthu.

Mphaka atangotuluka m'bulangete, a Mwale anaimirira nkukweza ndodo.

"Madalitso, imitsa pamenepo."

"Agogo, anthuwa alipira."

"Alipira kuti awanamize? Imitsa."

Anaimitsa. Iwo anayandikira kanema nkuloza ndi ndodo.

"Taonani khutu lakumanzereli, ndi long'ambika. Mutu waung'ono. Uyu ndi wamkazi, ndipo akuyamwitsa, onani kumimbaku. Tsopano pititsa pomwe ali pachifuwa pa mwana."

Madalitso anapititsa, nayenso chidwi chitamugwira.

"Khutu lija lili kuti? Lapola panjira? Uyu ndi wamwamuna, taonani chimutucho. Amphaka awiri awa. Nkhalamba imodzi isanduka bwanji mayi woyamwitsa, kenako bambo? Onaninso maso. Sakuyang'ana mwanayo, akuyang'ana m'mwamba chakumanja. Kumeneko kwaima munthu ndi nsomba, angomubisa. Mchira waimika chonchi, ndiye kuti wakondwa, akuti ndipatseni. Mphaka wofuna zoipa amagoneka makutu. Pititsa kumapeto. Eya, pamenepo. Mukuti wafa? Nthitizo zikukwera nkutsika, angomugoneka ndi mankhwala."

Zonse zinali zoona. Khutu, mchira, nthiti, tinaziona ndi maso athu, ndipo mpaka lero sindinaone munthu wina akuivula filimu malaya chotero. Kenako mayi wina kumbuyo, amene sindimutchula chifukwa tikutungabe pa mjigo umodzi, ananong'ona mokweza ndithu.

"Nanga iwo adziwa bwanji zimene mphaka akunena?"

A Mwale sanamve, makutu awo anali atayamba kale kugontha. Amalume anamva. Inenso ndinamva, ndipo m'malo moti ndimuyankhe mayi uja, ndinapezeka ndikudzifunsa funso lomwelo.

A Mwale anatuluka ngati munthu wowina mlandu. Panjira anatigulira nzimbe, ndipo kanali koyamba kuwaona akugula chinthu osachitembenuza, osachinunkhiza.

"Mwaona, alamu?" ankatero. "Bodza limangofuna munthu woliyang'anitsitsa basi. Mawa madengu aja abwerera m'nyumba zawo."

Amalume ankangoti eya, eya, nzimbe ili m'manja osaisenda. Madengu sanabwerere. Nkhani imene inayenda pamjigo ndi yakuti a Mwale aulula okha pagulu kuti amamva chiyankhulo cha amphaka.

Patatha mwezi amalume anapita kukawaona ndi akuluakulu awiri a pabanja. Za mphaka sanatchule ngakhale kamodzi. Anati zaka zitatu zakwana chimwalirire mlongo wawo, si bwino kumangirira munthu, abale ku Nathenje akuwasowa, ndi bwino awamasule akapume kwawo. Ine ndinali kukhitchini kuwaphikira tiyi ndipo ndinamva zonse. A Mwale anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndikadzafa, mudzandilola kudzagona pafupi ndi mlongo wanu?"

"Zimenezo tidzaona nthawi yake, alamu."

Munthu amene ankakayika sikelo, wailesi ndi tiyi wa mkazi wake sakanalephera kumva tanthauzo la yankho limenelo. Akulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uyu sanaterereke, tinachita kumukankha.

Anasamuka pa ngolo m'mawa wina, ndi mpando, mabulangete ndi wailesi imene sankaikhulupirira ija. Amphaka asanu ndi mmodzi anali aamuna, ndipo anawagawira matenanti a ku esiteti yawo yakale, akuti mwamuna ndi wa paulendo. Ndakuona anamunyamula m'manja nkubwera naye kwa ine.

"Uyu atsala."

"Mutengeni, bambo, azikakuchezetsani."

"Ayi. Amake anabadwira pano, agogo ake anabadwira pano. Mwana ndi wa kwa amake. Mkamwini ndine, osati iyeyu. Ngati ukumuopa usamulowetse m'nyumba. Uzingomuikira mitu ya usipa pakhonde langa."

Ndinachita zomwezo zaka zinayi, ndipo m'nyumba sindinamulowetsedi. Chaka chotsatira bambo wa chimkuzamawu uja anagulitsa bwino m'mudzi mwathu, nkhuku nkumafa limodzi ndi makoswe. Munda wa kudambo anayamba kulima ndi mwana wa amalume. Ndakuona anakana kuchoka pakhonde la nyumba yotseka ija, ana nkumadutsa patali. Ena ankati nkhalamba inapita ndi thupi lokha ku Nathenje, mwini wake anatsala.

Ndinakawaona kamodzi kokha, chaka chatha, pochokera ku Nkhoma kokazonda wodwala. Ndinatsika minibasi pa Nathenje ndi kathumba ka mtedza. Ndinawapeza atakhala padzuwa kuseri kwa chigayo, tsitsi layera ndi ukalamba komanso fumbi la ufa. Anamasula kathumbako, kuswa mtedza umodzi, nkununkhiza. Mtima wanga unakhala pansi poona kuti akadali a Mwale omwe aja. Za amalume ndi za munda sanafunse. Anafunsa za Tadala, kenako za mphaka.

"Akudya?"

"Akudya, bambo. Wakalamba koma akugwirabe."

Kenako anandiyang'ana ndi maso omwe aja a tsiku limene ndinabweza dengu.

"Esinati, tsiku limene udzamve kuti ndapita, udzathamangira kukamuona ngati wagwa chagada monga wa mu filimu uja."

"Aa, bambo! Ine zimenezo ayi. Ndinaziiwala kalekale."

"Udzapita. Usadzachite manyazi, chinthu umayenera kuchiona ndi maso ako. Koma ukadzamupeza ali moyo, udzakauze amalume ako."

Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu, misozi ili m'maso chifukwa zinandiwawa kuti akundiganizira zotero. Iwo anangoswa mtedza wina.

Ndiye Lachiwiri lija foni itangoduka, ndinaponya lichero pansi, nkhuku nkuyamba kujompha mtedza, ine liwiro kunyumba ya a Mwale. Sindinaganize kanthu, miyendo inangonditenga. Ndakuona anali pakhonde, padzuwa, akunyambita dzanja nkumapukuta kumaso. Anandiyang'ana kamodzi nkupitiriza zake. Ndinakhala pansi padothi nkulira mokuwa, ndipo amene anabwera kudzandigwira ankayesa ndikulira maliro okha.

Kwa amalume ndinapitadi tsiku lomwelo, monga anandituma. Ndinagwada nkunena kuti bambo aakulu atisiya, ndipo mphaka ali moyo, tiyeni tikawatenge adzagone pafupi ndi mkazi wawo. Amalume anati abale a ku Nathenje akonza kale zonse, si bwino kulanda maliro a eni ake. Tinakawaika ku Nathenje Lachinayi, pakati pa anthu amene anawasiya ali mnyamata.

Nyumba yawo ikadalipo. Malata a kumbuyo anasasuka ndi mphepo, chitseko nchomanga ndi waya, ndipo mango amene anadzala amawolera pansi chaka ndi chaka chifukwa ana amaopabe kutola. Pamsomali wa pakhonde pakadali dengu limodzi lobooka pansi. Pomwe pankakhala mpando wawo pali timaenje tinayi m'dothi, ndipo Ndakuona amagona pakati pake. Kumanda, kumanja kwa a Nabanda, malo aja ankafuna kudzagonapo alipobe, pamera udzu.

M'mawa uno ndinatenga mitu ya usipa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi ndinaima ndi mbale m'manja nkumuitana kuti tizipita kwathu, akalowe m'nyumba. Anabwera pafupi, ananunkhiza mbaleyo, anandiyang'ana, nkubwerera kukagona pakati pa timaenje tija.